Mkango Umene Unafera Mwana Wosusuka

Adzukulu anga, sunthirani pafupi, ndipo mafoni ajawo ayambe apuma m'thumba. Lero sindikusimbirani za Kalulu ndi Fisi. Ndikufuna tikambirane za buku lina la ana a ku England limene ine ndinalipeza ndili kale ndi ndevu, ndikuphunzitsa, ndipo ndinkawerengera ana m'kalasi Lachisanu masana maphunziro akatha. Dzina lake ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe, kunena mkango, mfiti ndi kabati ya zovala. Ena mwa inu munaonera filimu yake ya 2005, ndipo ndikakufunsani zimene munatolapo mumandiuza za nkhondo ndi malupanga. Nkhondoyo ilimo ndithu, koma ndi ndiwo chabe. Nsima yake ndi mwana mmodzi amene anapereka abale ake chifukwa cha maswiti, ndi wina amene anamulipirira mlandu.

Analilemba ndi C. S. Lewis, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford, wobadwira ku Belfast mu 1898. Linatuluka mu 1950, ndipo ndilo loyamba kusindikizidwa mwa mabuku 7 onena za dziko la Narnia. Nkhani yake imayamba ndi nkhondo yeniyeni. Mu Sepitembala 1939 boma la Britain linasamutsa ana ambirimbiri m'mizinda n'kuwatumiza kumidzi poopa mabomba a Germany, ndipo atsikana ena anakasungidwa kunyumba kwa Lewis yemweyo. Tsono ana anayi a m'bukuli, Peter, Susan, Edmund ndi mzime wawo Lucy, musawaone ngati ana a pa mwanaalirenji. Ndi ana ochotsedwa ku London, osiyanitsidwa ndi makolo, okhala m'nyumba yaikulu ya nkhalamba yophunzira imene sanaionepo chibadwire. Amene munakulira kwa achibale mukudziwa mmene mtima wa mwana umakhalira pakhomo pa eni.

Lucy ndiye anayamba kulowa m'kabati muja, n'kupezeka ali m'nkhalango yozizira, m'dziko limene linakhala zaka 100 lili m'chisanu chosatha, Khirisimasi osafika, chifukwa cha mfumukazi yolanda ufumu yotchedwa Mfiti Yoyera. Atabwerako n'kufotokoza, abale ake sanamukhulupirire. Peter ndi Susan anangoda nkhawa, koma Edmund anapezapo poseweretsa. Tsiku lililonse ankamusereula mlongo wakeyo, kumufunsa ngati wapezanso mayiko ena m'makabati. Ndikufuna muyambire pamenepa kumuyang'ana mnyamatayu. Asanakumane ndi mfiti ina iliyonse, anali atazolowera kale kukondwa ndi misozi ya wamng'ono. Mfiti inangopeza munda wolimalima.

Iye atalowa naye m'dzikomo anakumana ndi mfumukazi ija ili pa ngolo yake. Inamufunditsa chovala chake chaubweya, n'kumupatsa chakumwa chotentha, kenaka n'kumufunsa chimene amakonda kudya. Iye anatchula Turkish Delight, maswiti ofewa owazidwa shuga wonga ufa. Inu a masiku ano mungaseke, kuti munthu angagulitse abale ake ndi switi? Koma ana oyamba kuwerenga bukuli sanaseke. Ku Britain maswiti anayamba kugulidwa mwa muyezo, pa makuponi, mu 1942, ndipo lamulolo linadzatheratu mu 1953. Mwana wa mu 1950 akamva za bokosi lodzaza maswiti, lake yekha, malovu ankadzaza m'kamwa. Aliyense ali ndi nyambo yake. Yanu mwina ndi foni yatsopano, mwina ndi kukwezedwa galimoto ndi bambo wa msinkhu wa abambo anu, mwina ndi ndalama za kubetcha. Maswiti a mfitiyo anali ndi matsenga akuti wodyayo azifunabe ena, ndipo atamulekerera angadye mpaka kufa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pakamwa pali potafuna, Edmund anaulula zonse: kuti ali ndi mkulu wake ndi alongo awiri, ndiponso za Tumnus, cholengedwa cha m'dzikomo chimene chinathawitsa Lucy.

Koma maswiti sanali okha. Mfitiyo inamulonjeza kuti adzakhala mfumu, abale ake adzakhala pansi pake. Apa ndiye inakanda pamene pankamuyabwa. Edmund anali mwana wapakati, wosakhala woyamba woti n'kumveredwa, wosakhalanso mzime woti n'kusasatitsidwa, ndipo ankafuna tsiku lina Peter adzamugwadire. Atabwerera kunyumba, Lucy ali ndi chimwemwe kuti tsopano wapeza mboni, Edmund anakana pamaso pa onse kuti iwo amangosewera, kulibe dziko lililonse. Pa zoipa zonse zimene anachita, ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi. Kupereka abale kwa mfiti anachita atapusitsidwa pang'ono. Koma bodza ili analinena maso ali gwa, akudziwa choona, pofuna kungodzionetsa wamkulu.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa mawu akuti mfiti kwathu kuno amapsereza nyumba. Mfiti ya m'bukuli si gogo wosauka wa maso ofiira ndi utsi wa kukhitchini, wonga amene anyamata ena opanda nzeru amawagenda m'midzimu. Ndi mkazi wamtali, wokongola, wovala chisoti chagolide, wokhala ndi apolisi ake achinsinsi otsogozedwa ndi mmbulu wotchedwa Maugrim. Ngakhale mitengo ina ya m'nkhalango inali akazitape ake. Ife amene tinaona nthawi ya chipani chimodzi sitifuna wotimasulira zimenezi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukamasaka choipa, musathamangire kwa wonyansa ndi wofooka. Yang'anani amene akukufunditsani chovala chake musanamupemphe.

Tumnus uja, cholengedwa chimene kumtunda ndi munthu koma miyendo ndi ya mbuzi, naye anali pa ntchito ya mfitiyo. Anamuitanira Lucy tiyi n'cholinga chokamupereka. Ali pakati pa chiwembucho anagwetsa misozi, n'kuulula, n'kumuperekeza mwanayo mwakachetechete akudziwa chimene chidzamuonekere. Anamangidwadi, n'kusandutsidwa mwala. Choncho m'bukuli muli akapirikoni awiri: wina anabwerera asanafike kumapeto, wina anapitiriza.

Edmund anapitiriza. Anayi onsewo atalowa mu Narnia, analandiridwa ndi banja la a Beaver, tinyama tomanga madamu pamtsinje, ndipo kumeneko anamva za Aslan, mkango umene ndi mwini wake weniweni wa dzikolo. Dzinali ndi mawu a chinenero cha ku Turkey otanthauza mkango. Ena ali mkati momvetsera, Edmund anazemba usiku, wopanda ngakhale chikhoti, kupita kunyumba ya mfiti kukanena kumene abale ake ali. Malipiro ake? Mkate wouma ndi madzi. Atakumbutsa za maswiti anangokalipiridwa. Umu ndi mmene amachitira onse okugulani. Nsomba ikakodwa, msodzi sawononganso nyambo.

Kusintha kwake kunayamba ndi kanthu kakang'ono. Ali pa ulendo ndi mfitiyo, anapeza agologolo, nkhandwe yokalamba ndi ena akudyerera mphatso zimene Father Christmas anawapatsa. Mfiti inakweza ndodo yake, Edmund anakuwa kuichonderera, koma onse anasanduka miyala, iye n'kulandira khofi. Wolemba akuti aka kanali koyamba kuti mnyamatayu amvere chisoni munthu wina osati iye mwini. Ana anga, mukafuna kudziwa ngati munthu wayamba kuchira, musamvere kulira kwake kokha. Wakuba akagwidwa amalira, koma amadzilirira yekha. Onani ngati wayamba kuona ululu wa ena.

Asilikali a Aslan anamulanditsa mpeni uli pafupi kumufika pakhosi. M'mawa mwake ana atatu aja anaona mkango ndi m'bale wawo akuyenda awiriwiri chapatali, akukambirana. Zimene anakambirana Lewis sanatiuze, ndipo anachita dala. Ndimamulemekeza pa chimenechi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Kudzudzula kumene kumasintha munthu kumachitika kuseri, osati pa WhatsApp ya banja pamene azakhali onse a ku Joni ndi ku Leeds akuponyapo mawu awo. Atatha, Aslan anamubweretsa kwa abale ake n'kuwauza kuti palibe chifukwa chomukumbutsira zakale. Edmund anapepesa aliyense pomugwira dzanja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pamenepa ndi pamene ife timalephera, akulu ndi ana omwe. Timati takhululuka, koma mlandu tausunga pansi pa mphasa. Mwana anaba nkhuku ali ndi zaka khumi, lero ali ndi banja lake, koma chinthu chikasowa pamaliro maso onse ali pa iye. Mtsikana anatenga mimba ali pasukulu, wabwerera, wakhoza mayeso, koma pakangobuka kamkangano wina amati, iwe usatiyankhule, tikukudziwa. Munthu wotere mwamutsekera njira yobwerera, ndipo tsiku lina adzati, poti ndine wakuba kale, bwanji ndingoba. Taonaninso Peter. Atafika kwa Aslan koyamba n'kufunsidwa za m'bale wake, anavomera kuti mwina naye anathandizira, chifukwa ankamukalipira. Mkango sunamutsutse, sunamutonthozenso, unangomuyang'ana. Inu achisamba, amene mumalamula ang'ono anu ngati ndinu anyakwawa, mawu anu akuthwa amatha kukankhira mwana m'manja mwa mfiti.

Mukanakhala inu olemba, mwina mukanathera pomwepa: wapepesa, akhululukirana, basi. Koma mlandu suola. Mfiti inabwera kumsasa poyera, n'kunena kuti pali lamulo lakalekale, lolembedwa pa Gome la Mwala kuyambira pachiyambi cha dzikolo, lakuti aliyense wopereka anzake ndi wake, ndipo magazi ake ndi ake. Akamanidwa, dziko lonse liwonongeka ndi moto ndi madzi. Chodabwitsa n'chakuti Aslan sanakane. Anavomera kuti ikunena zoona. Susan atafunsa ngati sangapeze njira yolizembera lamulolo, mkango unachita tsinya, ndipo palibe anabwerezanso funsolo. Mphamvu zophera mfitiyo pomwepo unali nazo, poti utangobangula kamodzi mfitiyo inathawa chothamanga. Koma sunafune kupulumutsa mwana popotoza chilungamo.

Mumve bwino apa, adzukulu anga. Kukhululukidwa sikufafaniza ngongole. Ukaswa mphika wa eni n'kukhululukidwa, mphikawo sudzilumikiza. Pali wina amene aumbe kapena agule wina. Ukamva kuti zatha, usadandaule, dziwa kuti zathera m'thumba mwa munthu, kapena pamsana pake. Achinyamata ambiri amaganiza kuti pepani ndi ndalama yogulira chilichonse. Ayi. Pepani amatsegula chitseko, koma dipo limaperekedwabe.

Aslan anakambirana ndi mfitiyo paokha, n'kubwera kudzalengeza kuti yasiya kufuna magazi a Edmund. Onse anasangalala, osadziwa mtengo wake. Usiku umenewo Susan ndi Lucy analephera kugona, ndipo anaona mkango ukuchoka pamsasa wokha, mutu uli pansi, ukuyenda ngati wodwala. Anautsatira. Unawalola kuuperekeza, n'kuwauza kuti uli ndi chisoni ndiponso ukusungulumwa, n'kuwapempha kuti aike manja awo m'manyenje mwake kuti uzimva kuti ali pomwepo. Ndikafika pamenepa m'kalasi muja, ngakhale anyamata a kumbuyo ankakhala chete. Wamphamvu kuposa onse akupempha tiana tiwiri kuti timugwire. Musamaganize kuti amene amakusenzerani katundu samva kulemera. Amayi anu akamaseka pobwera kumsika, si kuti mutu sukuwawa.

Pa Gome la Mwala panali khamu la zilombo zonse za mfiti. Mkango unadzipereka osalimbana. Anaumanga ndi zingwe mpaka kulowa m'mnofu, anaumeta manyenje onse, anaumanga pakamwa, n'kumauseka kuti kodi si mphaka chabe uyu. Isanaubaye, mfiti inaunong'oneza mawu owawa kuposa mpeni: kuti wafera chabe, chifukwa ukangofa palibe woletsa kuti mnyamatayo aphedwenso. Mayesero a munthu wodzipereka amakhala amenewa, kuuzidwa kuti amene ukumuvutikirayo sapindula kanthu. Atsikana aja anabisa nkhope. Khamu litapita kunkhondo, iwo anatsala ndi mtembo usiku wonse, akulira mpaka misozi kuuma. Anachotsa chomangira pakamwa, koma mfundo za zingwe zinawakanika. Kutatsala pang'ono kucha kunabwera mbewa, n'kuyamba kuzitafuna zingwezo mpaka kuduka. Mbewa sizikanatha kuukitsa mkango, koma zinachita chimene mano awo akanatha. M'buku lina lotsatira timamva kuti mtundu wa mbewa unapatsidwa kuyankhula chifukwa cha usiku umenewu. Pamaliro pasamakhale wonena kuti ine ndine mwana, ndilibe chochita. Kutunga madzi ndi kutola nkhuni ndi zanu.

Dzuwa likutuluka, Gome lija linang'ambika pakati ndi chiphokoso, ndipo Aslan anaimirira wamoyo, manyenje atameranso. Anafotokoza kuti mfiti inkadziwa lamulo loyambira pachiyambi cha nthawi, koma panali lina lakuya, la nthawi isanayambe: kuti wosalakwa akadzipereka mwa kufuna kwake m'malo mwa wopereka anzake, Gome lidzasweka ndipo imfa idzayamba kubwerera m'mbuyo.

Amene mumapita ku Sande sukulu mwazindikira kale nkhani imene ili kuseri kwa iyi. Lewis sanabise. Iye anasiya chikhulupiriro ali mnyamata, amayi ake atamwalira ndi khansa mu 1908 iye ali ndi zaka 9, ndipo anadzabwerera ku Chikhristu mu 1931, atathandizidwa ndi anzake, mmodzi mwa iwo J. R. R. Tolkien. Ankati anangodzifunsa kuti, kukanakhala dziko lina la nyama zoyankhula, Khristu akanabwerako motani? Tolkien yemweyo bukuli silinamusangalatse, koma ubwenzi si kugwirizana pa zonse. Ine sindine mbusa, za guwa ndisiyira eni ake. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti munthuyu kudzipereka sanangokulemba ndi cholembera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anapangana ndi mnzake Paddy Moore kuti wina akafa, wotsalayo adzasamale banja la mnzake. Paddy anaphedwa mu 1918, chaka chimene Lewis naye anavulala ku France. Lewis anasunga pangano. Anasamalira amayi a Paddy zaka zoposa 30, akutsuka mbale ndi kutumidwa uku ndi uku ngakhale anali mphunzitsi wotchuka, mpaka mayiwo anamwalira mu 1951. Kufa usiku umodzi pa gome ndi kwa m'nthano. Kudzipereka kumene ambiri a inu mudzakumane nako ndi kwa mtundu uwu, kwa tsiku ndi tsiku, kopanda woombera m'manja.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikweza mawu. Nkhani ngati iyi anthu oipa amatha kuigwiritsa ntchito ngati chingwe. Lamulo lakuya lija linati wodziperekayo achite mwa kufuna kwake. Ndipo taonani amene anapita pa Gome: si Lucy wamng'ono, si Tumnus wosauka, koma wamkulu ndi wamphamvu kuposa onse. Kwathu kuno kawirikawiri timazitembenuza. Mtsikana amauzidwa kuti asiye sukulu, adzipereke, kuti mchimwene wake aphunzire. Wina amakwatiwitsidwa ali mwana kuti pakhomo papezeke chimanga. Mayi akumenyedwa mpaka kutupa maso, ankhoswe n'kumati banja ndi kupirira. Kumeneko si kudzipereka, ndi kuperekedwa, ndipo wopereka ena m'bukuli tamuona kuti ndani. Wina akadzakuuzani kuti mufere iye, inu muli wamng'ono iye ali wamkulu, mudzamufunse kuti iye wataya chiyani. Ndipo inu anyamata, mukadzakula n'kukhala ndi mphamvu pakhomo, mudzakumbuke kuti mphamvuzo ndi zonyamulira goli, osati zosankhira wolisenza.

Nanga wowomboledwa uja anatani? Pa nkhondo imene inatsatira, mfiti inkasandutsa miyala aliyense woiyandikira. Ena onse ankalimbana ndi iyo mwini. Edmund yekha ndiye anaganiza zolunjika pa ndodo yake, n'kuithyola ndi lupanga, ndipo anavulazidwa koopsa. Ankaidziwa ndodo imeneyo kuposa wina aliyense, poti anaiona ikugwira ntchito pa agologolo aja. Uku ndiko kuwomboledwa kumene ine ndimakukhulupirira: chimene unaphunzira uli m'dzenje chisanduke chotetezera ena. Amene anasiya mowa ndiye amadziwa pamene mnzake wayamba kunama. Lucy anamudonthezera mankhwala a m'kabotolo kake, n'kukhala pomwepo kudikira kuti aone ngati achira. Aslan anamukumbutsa kuti pali ovulala ena, iye n'kuyankha mokwiya kuti adikire kaye, ndipo mkango unamufunsa ngati n'koyenera kuti enanso afe chifukwa cha Edmund. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Anayi aja atakhala pa mipando yachifumu ya ku Cair Paravel, Edmund anakula kukhala munthu wofatsa, wodziwa kuweruza milandu, mpaka anamutcha Wolungama. M'buku la 1952, msuweni wake Eustace atachita manyazi ndi makhalidwe ake, Edmund anamulimbitsa mtima pomuuza kuti zake zinali zazing'ono, poti iye mwini anapereka abale ake. M'buku la 1954, pokamba za kalonga wina wochita chiwembu amene anagwidwa, Edmund anakumbutsa anzake kuti ngakhale wachiwembu amatha kusintha, ndipo iye akudziwapo mmodzi. Abale ake sanamukumbutse zakale, koma iye mwini sanaiwale, ndipo kukumbukirako sikunamufoole, kunamupatsa chifundo.

Pali funso limodzi limene bukuli linalisiya lotseguka, ndipo ndi limene landisungitsa nkhaniyi zaka zonsezi. Nkhondo itatha, Lucy ananong'oneza Susan kumufunsa ngati Edmund akudziwa chimene Aslan anamuchitira, ndiponso ngati sayenera kuuzidwa. Susan anakana, akuti zingamupweteke kwambiri. Lucy anaumirira kuti ayenera kudziwa. Asanagwirizane, wina anawadula mawu.

Ine ndili kumbali ya Lucy, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Ndili Fomu 2, amayi anandipatsa fizi ya teremu yonse, ndalama za mtedza wa chaka chathunthu, atazimanga pakansalu. Sindinafike nazo kusukulu. Pa siteji ya basi panali anyamata a njuga ya makadi atatu, ndipo ndinaona munthu akuwina kawiri, osadziwa kuti ndi mnzawo. Pofika madzulo ndinalibe ngakhale ya basi. Ndinabwerera kumudzi wapansi, koma kwa amayi sindinafike. Ndinakagogoda kwa amalume usiku. Anandimvetsera osandidula. Zimene anandiuza usiku umenewo ndi zanga, monga za Edmund zinali zake. Patapita masiku awiri anandiperekeza okha kusukulu, n'kulipira fizi yonse, n'kuuza amayi kuti mwana anachedwa ndi malungo panjira.

Amalumewo anali ndi njinga yakapalasa imene ankapitira kunyanja kukapikula usipa wogulitsa. Pa holide ndinapeza njingayo palibe. Nditafunsa anati inawatopetsa ndi kuwonongekawonongeka, ndipo ine, mwana wopusa, ndinakhulupirira. Geni ya usipa inathera pomwepo, anayamba kuyenda maganyu. Ndinamaliza sukulu, ndinayamba ntchito, ndinkawapatsa moni ndi kapaketi ka shuga pa Khirisimasi ngati mmene ndinkachitira ndi wachibale wina aliyense. Pa zaka zonsezo sanatchulepo za njuga ija ngakhale kamodzi, ngakhale atamwa kachasu.

Ndinadzamva pamaliro awo, ndili ndi ana anga atatu. Akazi awo anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti njinga ija inagulitsidwa m'mawa wa tsiku lotsatira usiku umene ndinagogoda, pa mtengo wotaya chifukwa cha changu, ndipo anawalumbiritsa kuti asadzandiuze iwo ali moyo. Amalume anachita bwino kusanena okha. Wopereka akayamba kuwerengera, mphatso imasanduka ngongole ya katapila. Koma panafunika Lucy wina woti andinong'oneze ndikadali ndi mpata. Malipiro anga a miyezi iwiri akanagula njinga yatsopano. Ndikanatha kungokhala nawo pakhonde n'kunena zikomo. Susan ankaopa kuti choonadi chimupweteka m'bale wake. Chinandipwetekadi, koma chinandipweteka pa nthawi imene sindikanachitanso kanthu.

Tsono mukapita kwanu, kafunseni. Funsani amayi anu kuti mbuzi zija zinapita kuti chaka chimene munalowa Fomu 1. Funsani chifukwa chimene achemwali anu aakulu analekezera Sitandade 8 pamene ankakhoza kuposa inu. Amene ali ku Joni uja, amene mumamutumizira uthenga pokhapokha mukafuna ndalama ya bandulo, mufunseni kuti amagona anthu angati m'chipinda chimodzi. Adzazemba, adzaseka, adzati zisiyeni. Funsani wachitatu amene anaona.

Pampu ya njinga ija wogula sanaitenge. Tinaipeza itasomekedwa kudenga la nyumba yawo, yadzimbiri, ndipo ndinaipempha. Ndi imene mumaiona pamwamba pa kabati yanga ija, imene mmodzi wa inu anafuna kuitaya chaka chatha poyeretsa m'nyumba. Bukulo lili pomwepo, pansi pake, chikuto chinathothoka. Lili ndi mitu 17 yokha. Wina akalitenge, ndipo abwere ndi nyali, maso angawa sakuonanso bwino madzulo.